Mayi Janet Mulipa ndi Mlendo wa ku Nkaya

Mayi Janet Mulipa anabadwira ku Nselema, m'banja la alimi achilomwe. Makolo awo pothawa thangata ku Mozambiki anadzera pampata wina wa m'mapiri a Machinga, ndipo anazika mtanda pomwe anapumulira. Kuyambira ali mtsikana, mayiwa ankakwera kumeneko chaka chilichonse kukapemphera.

Anakwatiwa ku Rivirivi, koma amuna awo anamwalira msanga. Ana awiri, Dave ndi Chrissie, anawalera okha pogulitsa matemba. Chaka china Dave anaphedwa ndi achifwamba pampata pomwepo, akuchokera kokagula mbuzi. Palibe anagwidwa. Maliro atatha, mayiwa anabwerera kukasesa m'tchalitchi monga kale, osadandaulira munthu.

Atakalamba anatola bambo wina wodwala, a Bizwick, amene ankagona pasiteshoni ku Nkaya. Anawapatsa kanyumba, nkumawatsuka zilonda za m'miyendo. Tikafunsa kwawo kwa bamboyo, mayiwa ankati, "Ayambe adya, mafunso pambuyo."

Chaka chatha parishi yathu inapita kumpata kuja, a Bizwick ali nafe. Kumwambako kunali mphepo yozizira, chigwa cha Shire chikuoneka chonse. Tili mkati moimba, a Bizwick anagwada.

"Dave ndinamupha ndine," anatero. "Pamwala uwo."

Nyimbo inadukira pakamwa. Ena anakhala pansi. Anyamata awiri anatola miyala, koma mayi Janet anaima kutsogolo kwa bamboyo.

"Ndikudziwa," anatero mayiwa. "Anandiuza atangofika kwathu."

Chrissie anagwetsa kolona. "Amayi, chakudya chomwe ndinkaphika ine mumapatsa munthu ameneyu, mukudziwa?"

"Inde, mwanangu. Ndikanakuuza ukanaleka, ndipo akanafa asanalape pamaso pa anthu."

Kenako tinatsika phiri. M'mawa mwake a Bizwick anapempha kupita kupolisi, ndipo mayi Janet anawaperekeza okha, atawanyamulira bulangete.

Miyezi ingapo itadutsa, mayiwa anayamba kufooka. Analandira masakramenti, napempha Chrissie kuti akhale pamphasa pawo. Anamwalira masana, mwakachetechete, dzanja la mwana wawo lili m'manja mwawo.

Ambiri mwa ife sitinamvetsebe zimene tinaona kumpata tsiku lija. Chrissie amanena poyera kuti sanakhululuke. Koma mwezi uliwonse amakwera minibasi kupita kundende komwe a Bizwick anatsekeredwa, atanyamula chakudya ndi mankhwala a zilonda. Amapereka pachipata, osalowa, nkubwerera.