Mzere wa Mphesa wa Kumunsi

Ndinayamba kupita ku munda wa mphesa chifukwa cha gogo wina wachizungu amene ndinkawasamalira ku nyumba ya okalamba ku Wigston. Mwana wawo wamkazi, mayi wa msinkhu wanga, anali ndi kamunda kunja kwa Leicester. Tsiku lina atandimva ndikuuza gogowo kuti bambo anga anakalambira pa ntchito yodulira tiyi ku Thyolo, anandipempha kuti ndizikawathandiza Loweruka limene ndilibe shifiti.

Ndinaseka. Mphesa m'dziko lozizira chonchi?

Mayiwo anandifotokozera kuti nyengo yotentha ikunka nitalika, ndipo akatswiri akutulutsa mitundu ya mphesa yocha msanga komanso yosagwidwa nkhungu. Ina mwa mitunduyo ankaiyesa m'munda mwawo, mothandizana ndi anthu a ku sukulu ya zaulimi. Mdani wamkulu anali chisanu chobwera mochedwa, mipesa itaphukira kale.

Tinayamba kudulira mu Januwale, zala zitauma gwa m'magolovesi. Sizasi sinandivute ayi. Dzanja linkadziwa lokha poyenera kudula. Koma mtima sunakhazikike. Ndili mwana ndinkaona kuti tiyi amadzuka malinga ndi nthawi imene mwamudulira.

"Mayi," ndinatero, "bwanji mzere umodzi tiusiye ugone kaye? Tidzaudulire mochedwa, kuti udzaphukire chisanu chitadutsa."

Anandiyang'ana kwa kanthawi. "Ndinawerengapo zimenezo, koma sindinalimbe mtima. Tengani mzere wa kumunsi uja. Ndi umene umapsa chaka chilichonse."

Anzanga othandiza, ambiri mwa iwo azungu opuma pa ntchito, ankandiseka kuti mzere wanga ukuoneka ngati mutu wosapesa. Ndinkangomwetulira, ngakhale kuti m'basi pobwerera ndinkadzifunsa kuti ndazilowereranji zimenezi. Ndinaudulira masabata ambiri pambuyo pa anzanga, ndili ndekhandekha, mvula ikuwaza.

Chisanu chinagwa kumayambiriro kwa Meyi. Nditafika Loweruka ndinapeza mphukira za m'mizere yambiri zitada ndi kulefuka ngati zathiridwa madzi otentha. Ndinatsika kumunsi. Mzere wanga unali utangoyamba kusuzumira, timaso tobiriwira, tochepa chabe ndi timene tinapsa.

Sabata yotsatira kunabwera mayi wofufuza wa ku sukulu ija, ndi kope m'manja. Anawerenga mphukira mpesa ndi mpesa, kenaka n'kufunsa mwini munda tsiku limene anadulira.

"Funsani awa," anatero mwini mundayo akundiloza. "Mzerewo ndi wawo."

Wofufuzayo anandifunsa mafunso kwa nthawi yaitali, akulemba zonse. Ine amene ndinazolowera kufunsidwa ngati gogo wakuti wadya kapena wasamba, tsiku limenelo ndinafunsidwa maganizo anga pa zaulimi.

Tinakolola mu Okutobala. Mphesa zanga zinacha mochedwerapo, koma shuga wake anakwanira. Chaka chotsatira mizere yonse ya kumunsi tinaidulira mochedwa, ndipo wotsogolera anali ine.

Vinyo atakonzeka anandipatsa botolo limodzi. Ine sindimwa, choncho ndinakwera nalo basi mpaka ku Spinney Hill, mu Leicester, kwa mnzanga wa ku Zambia, namwino. Analawa n'kutsinzina.

"Iwe, akuwawasa ngati bwemba!" anatero. Anamaliza wotsalayo, kenaka n'kundikankhira tambula. "Thira wina."