Njinga ya Bambo Anga

Lero kwa okonza njinga ku Old Town ndaona kachitsulo kozungulira kaja komangira chishalo, mtima wanga n'kuwira ngati zachitika dzulo.

Likulu la dziko litasamuka kuchoka ku Zomba, ndinkakhala kwa azakhali ku Area 47, bambo anga atamwalira. Anandisiyira njinga yawo basi. Amuna a azakhaliwo, kalaliki wodzimva, anaiphwasula osandifunsa. Tcheni anamangira geti, pa limu ankayanikapo masokosi.

Tsiku lina ataweruka kuntchito, anatenga kachitsulo ka chishaloko kuti amangire paipi yothirira maluwa kumpopi. Kanali kakakulu, paipiyo yaing'ono. Anamanga bawuti mpaka kumapeto, koma madzi ankangotuluka m'mbali.

"Abambo ako ankakwera zinyalala," anatero, n'kukaponya m'matope.

"Musawatchule! Bwezani njinga yanga!" ndinakuwa.

Azakhali anatulukira pakhonde. "Iwe, gwada upepese msanga!"

Sindinagwade. Ndinatola kachitsuloko, kakununkha girisi ndi dothi lofiira, n'kukafinya m'manja mpaka kanandicheka. Kenako ndinatsegula mpopi wonse, ndikuwayang'ana akalalikiwo m'maso, madzi akukhavukira pa nsapato zawo zonyezimira za kuofesi.