Chithunzi cha M'chifuwa mwa Deliwe

Deliwe anali mayi wowamba nsomba pa doko lina la asodzi kumwera kwa Chipoka. Anabadwira pomwepo. Sukulu anailekeza asanadziwe kulemba bwino dzina lake, ndipo ntchito ya utsi anaiyamba asanathe msinkhu. Ankadziwa kukoleza moto woti mlamba uume osapserera, moti mavenda a ku Lilongwe ankayamba afika pa uvuni wake asanaone nsomba za ena. Maso ake anali ofiira chaka chonse, ndipo zovala zake zinkanunkha utsi ngakhale kutchalitchi. Sanali munthu wodandaula. Zimenezi zidziwike bwino, chifukwa pambuyo pake anthu anamutcha wabodza.

Kale, ana ake ali aang'ono, mwamuna wake Clifton anadwala chifuwa chachikulu. Anapita kukajambulidwa kuchipatala chachikulu, nabwerako ndi envulopu yaikulu ngati lichero. Abale onse anasonkhana pabwalo. Anatulutsa chithunzi chakuda chija n'kuchiloza kudzuwa, aliyense n'kumaona nthiti za munthu wamoyo. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuchiwerenga. Lodwick, mlongo wake wamkulu wa Deliwe, amenenso anali mwini mbumba, analoza pamene pali mtima n'kunena kuti matenda ndi amenewo. Komabe onse anakhulupirira. Achipatala anamuletsa Clifton kupita panyanja, iye anamwa mankhwala mpaka kuchira, ndipo chinadzamupha pambuyo pake ndi mwera umene unagubuduza bwato lawo. Kuyambira pamenepo Deliwe analera yekha ana ndi uvuni wake uja.

Chifuwa chake chinayamba ngati cha aliyense wogwira ntchito pautsi. Kenaka anayamba kupuma movutika akasenza nkhuni, ndipo kugonera mbali ya kumanzere kunkamubanikitsa. Pachipatala chaching'ono cha m'deralo panali dokotala wina, a Lawson, wochokera ku Dedza, munthu wofatsa. Anamuyeza makhololo osapeza kanthu. Anamumvetsera kumsana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mayi, mbali iyi sikumveka bwino. Pitani akakujambuleni, ndione chimene chili m'katimu."

Lodwick anapereka ndalama ya minibasi monyinyirika, ndipo Deliwe anapita. M'chipinda chojambulira mtsikana wa yunifolomu anamuimika chifuwa chitatsamira chitsulo chozizira. "Kokani mpweya. Musapume. Basi, mwatha."

Deliwe anatuluka n'kukhala pabenchi kudikira envulopu yake. Anthu analowa n'kutuluka, dzuwa linapendeka, iye ali pompo. Mtsikana uja potuluka anamupeza.

"Amayi, mukadali pano? Mukudikira chiyani?"

"Chithunzi changa, mwanangu."

"Iii, zimenezo zinatha kale. Masiku ano sititsuka zithunzi. Chanucho chapita pa intaneti, adokotala amene anakutumani akachitsegula pa kompyuta yawo. Chikafika kwanu inu musanakwere n'komwe."

Deliwe anaseka mpaka kutsokomola. M'minibasi anafotokozera mayi amene anakhala naye pafupi kuti chifuwa chake chatsogola kumudzi, iye akutsatira pambuyo.

Kunyumba anapeza Lodwick atakhala pakhonde akusoka ukonde.

"Mwabwerako, achemwali? Tiyeni tichione."

"Sanandipatse, achimwene. Ati chabwera pa intaneti."

"Intanetiyo ndi mwana wa yani? Wakwera minibasi iti? Ine ndakhala pano tsiku lonse, palibe wadutsa ndi envulopu."

"Ati chili kwa a Lawson."

"Alamu anga malemu anabwera nacho m'manja, tonse tinachiona. Inu mwabwera ndi nkhani."

M'mawa mwake Deliwe analawirira kuchipatala chaching'ono. A Lawson anayatsa kompyuta, koma batire ya sola inali itafooka, ndipo inazima asanalembe kanthu. Anayesa pa foni yawo. Kanthu kozungulira kanayamba kuzungulira pagalasi, kuzungulira, osaleka. Anatuluka panja, anakwera pachulu cha kuseri kwa chimbudzi pamene netiweki imagwirako, foni ili m'mwamba, odwala pamzere akuwayang'ana. Anabwerako akupukusa mutu.

"Mubwere Lachinayi, mayi."

Lachinayi netiweki inalipo, koma makinawo anafuna nambala yachinsinsi. Nambalayo ankaidziwa mnzawo amene anali atasamutsidwira kutali, ndipo foni yake sinkapezeka. A Lawson analemba uthenga kwa oyang'anira makinawo, anawayankha kuti akonza. Deliwe anapatsidwa mapiritsi opha ululu. Anabweranso, n'kubweranso, ulendo uliwonse akupumira panjira kochuluka kuposa wapitawo. Potsiriza a Lawson anati, "Musadikirenso ine. Bwererani kuchipatala chachikulu, akakuoneni komweko."

Lodwick atamva anakana. "Kumene munapita kale? Kukatenganso mphepo ina?"

Apa ndi pamene nkhani inaipira. Padoko amayi anzake anayamba kunong'ona. Ena ankati sanafike n'komwe kuchipatala, anatsikira pamsika wa Salima. Ena ankati watopa ndi utsi, akufuna ana azimudyetsa. Wina anamufunsa pamaso, "Nanga chithunzi chija chafika pati, amake Hope? Kapena chagona pa Lifidzi?" Onse anaseka. Kuti aonetse kuti si waulesi, Deliwe anabwerera pa uvuni, akutsokomola atagwira m'nthiti, mpaka tsiku lina anagwa pambali pa moto, nsomba za eni ake n'kupserera.

Lodwick anaitanitsa abale. Sanali munthu woipa mtima, koma anali wosamva za wina akatsimikiza chinthu. Anati, "Achipatala akapeza matenda amapereka chithunzi. Akakubweza chimanjamanja ndiye kuti sanaone kanthu, akungochita manyazi kunena. Awa ndi matenda a kumudzi."

"Achimwene, anandijambula ine," anatero Deliwe. "Chitsulo chake chinali chozizira."

"Sitikukana. Koma chili kuti?"

Analibe chowaonetsa. Mvula itayamba anamutengera kwa sing'anga wina kumtunda, kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho. Mwana wake wamkulu, Hope, amene anakwatiwa ku Chipoka, anasiya banja lake n'kupita kukamudwazika. Sing'angayo anamutema mphini pachifuwa ponse. Ankamufunditsa bulangete pamwamba pa mphika wa masamba owira kuti nthunzi itulutse choipacho. Munthu wosowa kale mpweya ankatuluka m'bulangetemo milomo itada. Hope akadandaula ankamuuza kuti ndiye kuti mankhwala akugwira. Deliwe analeka kugona chogona, ankangokhala tsonga atatsamira khoma, miyendo itatupa. Za chithunzi analeka kuzitchula. Tsiku lina anauza Hope kuti mwina amalume ake akunena zoona, mwina mtsikana wa yunifolomu uja anangomunamiza.

Foni ya Hope inalira m'mawa wina mvula itagwa kwambiri kumapiri. Anali a Lawson, akulankhula mothamanga.

"Chatseguka! Ndachiona. Mbali ya kumanja yadzaza madzi, ndi amene akuwafinya. Amenewa amapopa, munthu n'kupuma. Muli kuti? Abwere lero lomwe, ndaitanitsa kale ambulansi."

Hope anafotokoza kumene anali. A Lawson anati ambulansi ikaima kutsidya kuno kwa mtsinje, iwo ayesetse kuwoloka.

Deliwe anali akumvetsera. Anakoka chitenje cha mwana wake.

"Achiona?"

"Achiona, amayi."

"Matendawo alipo?"

"Alipo. Ati madzi."

Deliwe anatseka maso, nkhope yake n'kumasuka ngati wamva nkhani yabwino. "Aimbire amalume ako. Ndiwauze ndekha."

Lodwick atayankha, Deliwe analankhula mawu amodziamodzi, akupumira pakati. "Achimwene. Chafika. Sindimanama ine."

Lodwick anati, "Ndamva, achemwali. Ndikubwera."

Amuna a m'mudzimo anamunyamula pa chitseko mpaka kumtsinje. Anaupeza utasefukira, madzi ofiira akukokolola mitengo ndi mapesi. Kutsidya ankaiona ambulansi yoyera itaima, a Lawson ali pambali pake, ndipo patapita nthawi anafika Lodwick pa njinga ya kabaza, n'kuyamba kuyendayenda m'mphepete mwa madzi manja ali kumutu. Ankakuwa, koma mkokomo wa madzi unkameza mawu ake. Amuna awiri anayesa kulowa ndi chingwe, madzi anawafika m'khosi, anabwerera.

Anamukhazika Deliwe pansi pa mtengo wa mango, mutu uli pachifuwa pa Hope, kudikira kuti madzi aphwe. Madzi anaphwa tsiku lotsatira. Anamuwolotsa pa chitseko chomwecho atatsirizika kale, atamufunditsa nsalu kumaso, ndipo ambulansi inali itabwerera kale kukatenga mayi wina wapakati.