Shafuti ya Chigayo cha ku Njakwa

Nditalumikiza kompyuta ku makina osemera zitsulo a amalume ku Rumphi, ndinachotsa chopukusira chawo n'kulengeza kuti zamanja zatha. Sindinkadziwa kuti makinawo anali ogwedera ndi ukalamba, ndipo zaka zonsezi dzanja la amalume ndilo linkadziwa pobwezera.

Shafuti yoyamba, chitsulo chozunguza chigayo cha mayi wina wa ku Njakwa, inatuluka yokhwepa. Amalume anabwezeretsa chopukusira chija n'kusema ina pamanja.

Mayiyo pobwera kudzatenga anati, "Yewo chomene! Kompyuta yanuyi ndi yanzerudi."

Pakamwa panga panatuluka kuti, "Eya mayi, siphonya."

Amalume anali pomwepo, akupukuta girisi m'manja. Anangovomereza ndi mutu. Mpaka lero ndimalakalaka akanangondikalipira.