Chitini chonyezimira cha alamu

Lachitatu, sabata yomaliza ya Novembro

Ndadzuka mtima uli m'mwamba, chifukwa lero linali tsiku loyamba la ezame, mayeso athu omaliza chaka, ndipo pepala lake linali la Chipwitikizi. Wochedwa amamutsekera geti, chaka chonse n'kupita pachabe. Ine ndinabwereza kale kalasi imodzi titangobwerera kuchokera ku Malawi, poti kumeneko tinkaphunzira m'Chingerezi. Sindikufuna kubwerezanso.

Masiku onse ndimapita kusukulu ku Insaca pa njinga ya abambo. Koma dzulo alamu, amuna a achemwali anga aakulu, anati mwana wa pakhomo pano sangakalembe ezame atatuwa ndi fumbi pamene galimoto ilipo. Amayi anavomera, poti kukana mkamwini pamaso pa anthu n'kovuta. Abambo anangoyang'ana pansi.

Galimotoyo anabwera nayo kuchokera ku Joni nyengo yozizira. Ndi yofiira, ya zitseko ziwiri, yaifupi moti mimba yake imakhula msewu. Amati inapangidwira mpikisano. Sindikudziwa kuti akupikisana ndi ndani kuno, komwe msewu ndi mchenga ndi maenje, ndipo milatho ina kuchokera nthawi ya nkhondo idakali mitengo yogoneka. Thumba la chimanga sililowamo. Tsiku la sitima amakaima nayo pa siteshoni ku Entre Lagos, boneti yotsegula, iwo atatsamira pambali kudikira wowafunsa funso.

Chimene amanyadira kwambiri ndi chitini. Anabwera nacho m'bokosi mwake, chonyezimira ngati kalilole, chili ndi mapaipi awiri a mphira, kampopi kunsi, ndi kagalasi kowonda m'mbali koonetsa pamene zam'kati zafika. Tsiku lochiika anaitana abambo, amene amakonza injini ya chigayo cha m'mudzi mwathu, n'kuyamba kuwaphunzitsa. Anati injini ikatentha imatulutsa mpweya wosakanikira ndi nthunzi ya oyilo, ndipo mpweya umenewo umabwerera kukalowa komwe injini imapumira, n'kumadetsa m'kati. Chitinicho chimakhala pakati: mpweya umalowa ndi paipi imodzi, oyilo n'kutsalira pansi, mpweya woyera n'kutuluka ndi paipi inayo. Anafotokoza kawiri, kachiwiriko m'Chingerezi.

Abambo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti n'chanzeru ndithu. Ine ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kukaseka. Ku chigayo kuli paipi yonga yomweyo, ndipo kunsi kwake abambo anakolekapo chitini chakale cha mkaka ndi waya. Amene amakhuthula Loweruka lililonse ndine. Alamu anayenda ulendo wonse wa ku Joni kukatenga chitini cha mkaka chovala suti.

Kuika kwakenso anaika ndi abambo. Alamu ankafuna chikhale pamwamba penipeni, pafupi ndi zitsulo zotentha za utsi, kuti munthu akangotsegula boneti ayambe kuona chomwecho. Abambo anati mapaipi asungunuka, n'kuchisunthira pakona pozizira, chili chilili. Mabawuti a m'bokosi sanagwirizane ndi mabowo, ndiye anachimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Alamu anapempha kuti mfundoyo aibise kunsi. Pomaliza abambo anawauza chinthu chimodzi chokha: azikhuthula chikangofika theka, chifukwa misewu yathu imakhutchumula, ndipo chikadzaza injini idzamwa zonsezo kudzera pa paipi yotulukira.

"Bambo, ine chitini sindichotsa chisanadzaze," anatero alamu. "Mukundidziwa."

Timawadziwadi. Ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi kuja, tsiku logawa mafuta ophikira, mzere unkaima chifukwa cha iwo. Ankagwira chitini chawo pansi pa muyezo mpaka dontho lomaliza, n'kuchipendeketsa kuti wogawa aone ngati sichinadzaze. Tonsefe tinkachita zimenezo pang'ono, inenso ndinaimapo pamzere ndi chitini changa ndili wamng'ono. Koma ambirife khalidwelo tinalisiya pa malire. Iwo analitengera ku Joni, n'kubwera nalo, n'kulimangirira pa injini. Kagalasi kaja anakasandutsa choonetsa alendo. Sabata iliyonse ankatiitana kudzaona kuti zakwera, ngati ndi mwana amene akukula. Analonjezanso amalonda a nsomba ochokera ku Amaramba kuti chikadzaza adzawagawira azithira pa tcheni cha njinga, ndipo ankalankhula ngati akukonza phwando.

M'mawa uno ndinali wokonzeka kusanache bwino. Alamu anati palibe chothamangira, galimoto yawo imauluka. Anasamba, anamwa tiyi, anapukuta magalasi. Atatsegula boneti ndinasuzumira kagalasi kaja, n'kuona kuti kwatsala kachala kamodzi kuti chisefukire. Ndinawauza mwaulemu kuti tikhuthule tisananyamuke. Anaseka, n'kunena kuti mlamu wawo waphunzira zedi, wafika poti aziphunzitsa eni galimoto. Achemwali anandiyang'ana ndi diso londiletsa, ndiye ndinalowa.

Titadutsa kamlatho ka matabwa, alamu anaona amalonda a nsomba anayi kutsogolo, madengu atasanjikiza pa kaliyala, ndipo anafuna kuwaonetsa. Anaponda moto. Tinawadutsa ndi fumbi, kenako tinagwera m'dzenje, mutu wanga n'kugunda denga. Injini inatsokomola, kumbuyo kunatuluka utsi wambiri wotuwira ngati awotcha tchire laliwisi, galimoto inanjenjemera n'kuima. Analiza kiyi kasanu, osadzuka.

Poyamba anati vuto ndi gazolina, mafuta a galimotoyo, ogulitsa m'mabotolo amathiramo madzi. Kenako anati pali anthu ansanje m'mudzi muja, ndipo anatchula mayina awiri. Amalonda aja anatipeza, akuliza mabelu. Mmodzi anafunsa ngati mpikisano watha, wina anati akadandinyamula koma pa kaliyala padzaza milamba. Anapita. Dzuwa linali litakwera kufika pamene masiku onse ndimakhala ndili pa msika wa ku Insaca, ndipo shapa, minibasi yonyamula anthu, panjira imeneyo m'mawa siidutsa.

Sindinapemphe chilolezo. Ndinaika kaneta yolembera ndi chitupa changa pampando, ndinapinda manja a bulauzi, n'kutsegula kampopi kaja. Zinatuluka zinthu zabulauni, zamadzimadzi, zonunkha gazolina, zooneka ngati thobwa logonera masiku atatu. Zimenezo pa tcheni cha njinga zikanangochititsa dzimbiri. Alamu anathamangira botolo lawo la madzi akumwa, anataya madziwo, n'kugwada mu mchenga kuti atchere.

"Mlamu, musataye! Miyezi isanu imeneyo."

"Alamu, sunthani. Ndipatseni sipanala ya mapulagi."

Sanadziwe kuti ndi iti. Ndinaipeza ndekha m'thumba la zida, idakali m'pepala lake la kusitolo. Ndinazula paipi yotulukira n'kuikung'untha, ndipo munatuluka zomwezo. Mapulagi ndinali nditangoonerera abambo akuwapukuta pa njinga yamoto ya a nesi, koma ndinakumbukira kuchotsa imodziimodzi kuti mawaya ndisawasokoneze. Onse anayi anali onyowa, akuda bii. Ndinawapukuta ndi mpango wanga woyera umene amayi anandichapira dzulo. Chitsulo chinandiwotcha pa chala chapakati, chomwe chimagwira kaneta. Nthawi yonseyi alamu anali kundiuza kuti ndisamale ndingakande utoto.

Injini inadzuka ulendo wachitatu, ikutsokomola, utsi ukadali m'mbuyo. Ndinawauza kuti ayendetse ngati ngolo, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni anamvera. Botolo lawo, lomwe munalowa tinthu tochepa, analiika pakati pa miyendo kuti lisagwe.

Tinafika mlonda atatseka kale chitseko chimodzi cha geti. Ndinathamanga osatsanzika. Pakhomo la kalasi a pulofesolo, aphunzitsi oyang'anira mayeso, anayang'ana wotchi, anayang'ana manja anga, n'kufunsa ngati ndabwera kudzalemba kapena kudzakonza denga. Ndinati galimoto inafera panjira. Anapumira m'mwamba, n'kundilozera desiki yakumbuyo. Anzanga anali atayamba kale tsamba lachiwiri. Ndinapukuta manja pa siketi, komabe pakona ya pepala langa pali chidindo cha chala chachikulu. Mafunso onse ndayankha. Chimangirizo ndachifupikitsa, ndime yomaliza ndalemba mizere itatu yokha chala chikuwawa. Ndikukhulupirira kuti zikwana.

Ndabwerera wapansi theka la njira, theka linalo pa njinga ya mnzanga. Ndapeza alamu ali pa mpando wa ndalema pabwalo, akufotokozera amayi ndi achemwali momwe anapezera vutolo pongomvetsera kulira kwa injini, ndi momwe ine ndinawathandizira kugwira zida. Anawonjezera kuti chitinicho chapulumutsa injini, pakanapanda icho bwenzi zili zina. Amayi anawathokoza ndi manja awiri. Abambo anandiitana, anatembenuza dzanja langa, anaona chithuza chija, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati kampopi ndinakumbukira kutseka. Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kupita kukatenga pampu ya njinga.

Alamu anena kuti mawa anditenganso, tsopano galimoto ili bwino kuposa kale. Mawa ndi masamu. Ndawayankha kuti zikomo, ndipo njinga ndaiika kale kuseri kwa nyumba, matayala onse opopa. Ndinyamuka iwo asanadzuke kudzasuzumira kagalasi kawo.