Njinga Yayitali ya Mayi Sibongile

Mayi Sibongile ndi mlangizi wa ziweto ku Tsangano. Anabadwira komweko, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi ankayendera makola a ng'ombe pa njinga yakapalasa. Mu 2019 bondo lawo lakumanzere linayamba kutupa, ndiye anaganiza zogula njinga yamoto.

Anakaipeza kwa a Umar, makaniko wa pa Lizulu. Inachokera ku Mozambiki, kwa munthu wina amene ankachitira mipikisano ya m'matope. Akabaza onse anali ataiona n'kuikana. Inalibe nyali, hutala, ngakhale choimikira. Mpando wake unali wa munthu mmodzi, wopyapyala ngati thabwa, ndipo mayiwo ataima pambali pake unawafika m'nthiti.

"Mayi, iyi si yanu," anatero a Umar. "Injini yake ndi ya 250, yofuna petulo wosakaniza ndi oyilo. Thanki ndi ya malita asanu ndi atatu basi, koma imamwa ngati galimoto. Mukangoikoka pang'ono, tayala lakutsogolo limadzuka."

"Imalemera bwanji?"

"Makilo 100. Zinazi zimaposa pamenepo."

"Ndiye ikandigwetsa ndizitha kuidzutsa ndekha. Ingoifupikitsani."

A Umar anakhala nayo masabata awiri. Anatsitsa masipuling'i, anasema mpando, anaika nyali, hutala ndi kaliyala yonyamulira bokosi la mankhwala. Kumbuyo anachotsa sipuloketi ya mano 48 n'kuikapo ya mano 52, kuti izikwera zitunda mwamphamvu m'malo mothamanga.

Sabata yoyamba njingayo inawaponya Mayi Sibongile m'munda wa kachewere wa eni ake, anthu akuona. Anadzuka, n'kupepesa mwini mundawo, n'kupondanso kiki. Mwezi usanathe anali ataizolowera. Oyilo ankamuyeza ndi jekeseni yakale yobayira ng'ombe, mamililita 25 pa lita iliyonse.

Mu Febuluwale 2022 mvula inagwa masiku anayi osalekeza. A Jasper, mlimi wa kuseri kwa phiri kufupi ndi malire, anaimba foni m'mawa.

"Mayi, matenda a nkhupakupa alowa m'khola. Ng'ombe ziwiri zafa kale, zina zisanu ndi ziwiri zangogona."

Msewu unali phala lokhalokha. Malole a mbatata anali atatitimira pamzere, madalaivala atakhala pamwamba pa matumba. Mayi Sibongile anadutsa m'mbali mwake ataimirira pa zopondera, pa giya yachiwiri, matayala ake amanomano akuponya matope kumbuyo. Anagwa kawiri. Anafika cha m'ma 11 koloko, n'kubaya ng'ombe zonse. Imodzi inafabe tsiku lotsatira, zisanu ndi imodzi zinachira.

Pobwerera injini inatentha, pisitoni inagwira, njinga n'kuzimiratu. Njingayo inafika ku Tsangano itagona m'ngolo, eni ake akuyenda pansi motsimphina. Itapita nayo galimoto ku Lizulu, a Umar ataitsegula anapukusa mutu.

"Anaipangira mpikisano wa theka la ola, inu mukuiyendetsa tsiku lonse. Pisitoni muzisintha chaka chilichonse."

Mayiwo anadikira pisitoni yatsopano miyezi iwiri kuchokera ku Tete. Nthawi yonseyo ankakwera kabaza, n'kumadandaula kuti njinga zinazi zimaopa matope.

Panopa ali ndi zaka 51 ndipo amayang'anira midzi khumi ndi isanu ndi umodzi. Amuna awo, a Duncan, amawatsukira tcheni Loweruka lililonse, koma kukwera anakana.