Tsiku lomwe ndinapha msilikali wa a Themba

Ntchito ya m'shopu ya magemu anandipezera ndi abambo Nkhoma, akulu a mpingo wathu ku Bertrams, omwe ankalondera pamolo ina ya mashopu kumpoto kwa Joni. Anangoti, "Kuli mzungu akufuna wosesa ndi kulongedza mabuku. Chingerezi umachitha, pita."

Nditalowa m'shopumo ndinamwaza maso. Pazikuto za mabuku panali zinjoka zamapiko, zigaza za anthu ndi mfiti zonyamula ndodo. M'mabotolo munali madayisi achilendo, timiyala toponya tolembedwa manambala, ena a mbali zinayi, ena a mbali makumi awiri. Ndinkaona ngati ndalowa m'nyumba ya satana, moti masiku oyamba ndinkapemphera ndisanagwire buku lililonse.

Eni shopu, a Marlene, ndiwo anandimasula. Anandifotokozera kuti mabuku ndi madayisiwo ndi zosewerera gemu. Gemuyo ndi nkhani yomwe anthu amapeka limodzi atazungulira tebulo. Aliyense amakhala ndi munthu wake wolembedwa papepala, kaya msilikali kaya mbala, ndipo woyendetsa gemu amafotokoza zomwe zikuwachitikira. Ukafuna kumenya chilombo umaponya dayisi. Buku la malamulo ake lakhala likusinthidwa. Latsopano ndi lophweka: ponya dayisi ya mbali makumi awiri, wonjezera nambala imodzi, ikakwera wamenya. Lakale ndi lozunguza mutu. Chilichonse chili ndi mndandanda wake wa manambala, ndipo pa zovala zankhondo, nambala ikamatsika m'pamene munthu akulimba. Ine ndinaphunzira latsopano lokha, poonerera ena akusewera.

Loweruka lina oyendetsa mateksi ananyanyala ntchito. Ine ndinafika pa lifiti ya alonda, koma woyendetsa magemu wathu anakanirira kwawo ku Ivory Park. A Marlene anandiitana. "Lero uyendetsa ndiwe. Awa ndi makasitomala anga akale, usandichititse manyazi."

Ntchito ina ndinalibe poyipeza, ndipo kubwerera pamsewu kukadikirira maganyu ndinkakuopa kwambiri.

Patebulo panali azibambo anayi. Mmodzi, a Themba, anali pa wilicheya, dzanja lamanja lili lende. Mng'ono wawo Sipho anandikokera pambali. "Bhuti, m'bale wanga, akulu angawa anadwala sitiroko, ndipo lero m'poyamba kutuluka m'nyumba. Buku latsopano silikuwalowa, akukumbukira lakale lokha. Chonde uwasamale."

Anandipatsa buku lokhuthala, lothothoka masamba. Ndinawauza kuti sindinaligwiritsepo ntchito. A Themba anayankha movutikira, liwu limodzilimodzi, "Tikuthandiza."

Tinayamba. Dayisi inandigwera pansi kangapo. Ndikasochera m'manambala, a Themba ankagogoda tebulo ndi chala n'kutchula tsamba loyenera. Msilikali wawo anali pa pepala lachikasu lomwe analisunga kuyambira ali kusekondale.

Kenako m'nkhanimo tinafika pa mlatho pomwe panali chimphona. Msilikali wa a Themba, wovulala kale, anaima kutsogolo kuti anzake awoloke. Ndinaponya dayisi ya chimphonacho anthu onse akuona, ndipo chinamumenya. Ndinaponyanso ina yoonetsa kukula kwa bala. Nambala yomwe inatuluka inamaliza moyo wonse wa msilikaliyo.

Sipho anandiyang'anitsitsa, ndipo a Marlene anasiya kutumikira kasitomala. Munthu wangotuluka kumene m'nyumba atadwala, ine n'kumuphera chinthu chomwe wachisunga moyo wake wonse! Ndinakumbukira kuti m'buku latsopano munthu safa nthawi yomweyo, amapatsidwa mwayi woponyanso dayisi kuti apulumuke.

"Akadali ndi mwayi," ndinatero. "Aponye dayisi."

A Themba anapukusa mutu. "Limenelo ndi buku liti?"

"Latsopano, abambo."

"Tikusewera lakale. Wafa."

"Eish, achimwene, musiyeni mnyamatayu akuthandizeni," anatero Sipho.

A Themba anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka madayisi anadumpha. Ndinati basi, ntchito yatha. Koma mbali imodzi ya pakamwa pawo inali ikumwetulira. "Kunyumba aliyense akundigwira ngati dzira," anatero pang'onopang'ono. "Chimphona ichi chokha ndicho sichinandimvere chisoni. Anzanga awoloka?"

"Awoloka onse," ndinayankha.

"Ndiye wafa bwino. Pepala latsopano."

Analephera kugwira pensulo, choncho iwo ankaponya madayisi, ine n'kumalemba. Munthu wawo watsopano anatuluka wofooka kwambiri, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Pano ndimayendetsa mabuku onse awiri. Tisanayambe ndimafunsa kuti tikusewera liti, ndipo akasankha, ndimalitsatira mpaka pamapeto. Ndinasiya kufewetsera munthu malamulo iye asanandipemphe.